Mutu 4: Kapitawo Ayatsa Uvuni

1. Lole ifika

Lole ya amalume inamveka isanaoneke. Inkabwera ikutsokomola ngati ng'ombe yodwala chifuwa, kwinaku ikulavula utsi wakuda, mpaka inadzaima pomwe msewu unkathera. Kupitirira pamenepo kunalibenso msewu. Kunali tchire, mitengo, ndi kanjira kamodzi kopondedwa ndi mapazi a banja limodzi lokha.

Mtsikana wa m'banjamo anali pa uvuni wa njerwa, akumata ming'alu ndi matope. Onse ankamutchula kuti Kapitawo. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake, chifukwa pa ntchito youmba njerwa ankalamula aliyense, ngakhale bambo akewo.

"Chikombole icho simunatsuke bwino," ankatero, manja ali m'chiuno.

"Pepani a Kapitawo, musandichotse ntchito," bambo ake ankayankha akuseka.

Koma masiku amenewo bambo ake anali atasiya kuseka.

Iwo anali mmisiri womanga nyumba. Kwa zaka zambiri anamangira anthu ena nyumba zamakonde ndi mawindo agalasi m'tauni, koma eni akewo ankagona m'kachipinda kuseri kwa chigayo, momwe ufa unkalowa ngakhale m'mphuno mwa ana. Boma litalengeza kuti aliyense wofuna malo akhoza kukakhala kutsidya kwa mtsinje, anthu ambiri anakweza manja. Koma tsiku lonyamuka litafika, amene ananyamukadi anali a Mmisiri okha ndi banja lawo. Lamulo la malowo linali limodzi: ukawasiya opanda munthu, apatsidwa wina.

Anafika mvula itangotha kumene. Anagwetsa mitengo, anazula zitsa, anakumba chitsime, n'kumanga chisakasa cha malata akale. Kenako banja lonse linalowa m'matope. Bambo ankaumba, mayi ankatunga madzi ndi kuponda dothi, Kapitawo ankanyamula chikombole, ndipo Mzime, mlongo wake wamng'ono, ankathamangitsa nkhuku kuti zisaponde njerwa zaziwisi. Zitauma, anazisanja uvuni waukulu wa makomo anayi. Nkhuni anaunjika pambali. Chinatsala n'kuyatsa basi.

Ndiye tsiku lina a Mmisiri akudula mtengo wina woti awonjezere pa nkhuni zija, mtengowo unapotoloka n'kuwagwera pamwendo. Anthu okonza msewu ndi amene anathamangira nawo kuchipatala pa thirakitala. Anabwerako mwendo uli mu pulasitala kuchokera pantchafu mpaka ku akakolo. Kuyambira pamenepo ankangogona chagada, maso ali kumalata.

M'lole muja munatsika anthu awiri. Woyamba anali amalume, mlongo wawo wa mayi, mwini lole, munthu wa mimba yaikulu ndi mawu aakulu. Wachiwiri anali azakhali, mlongo wawo wa bambo, mayi woonda wosoka zovala. Awiriwa chikhalire sanagwirizanepo pa kanthu kalikonse. Kapitawo atawaona akuyenda limodzi m'kanjira, wina kutsogolo wina pambuyo, popanda kukangana, anadziwa kuti sanabwerere zabwino. Anasamba m'manja n'kuwalondola.

2. Mawu a amalume

M'chisakasa munali motentha ngati m'chitini. Amalume anakhala pa chigubu chamadzi, chigubucho n'kudandaula. Moni anamupereka mwachidule.

"Alamu," anayamba motero, "ine sindinabwere kudzacheza. Ndabwera kudzatenga mlongo wanga ndi ana. Inunso ndikutengani, mufune musafune. Tasuzumirani panjapo muone kumwamba. Mitambo yayamba kusonkhana. Mvula ikangogwa yamphamvu, mtsinje uja udzadza, ndipo lole yanga siidzawolokanso mpaka dzinja lithe. Tsono ndiuzeni. Mwana akatentha thupi, mudzamunyamula ndi mwendo uti? Mlongo wangayu akalumidwa ndi njoka kuchitsime, mudzaitana ndani? Kuno mukakuwa, okuyankhani ndi anyani. Anzanu onse aja anakweza manja limodzi nanu ali kuti? Ali m'nyumba zawo, akumwa tiyi. Sikuti ndi amantha, ayi. Anaona patali."

Mayi ankangoyang'ana zikhadabo zawo, zomwe dothi linali litazidya mpaka kumnofu.

"Kwanga kuli chipinda kuseri kwa galaja," amalume anapitiriza. "N'chaching'ono, sindikana, koma chili ndi denga losadontha. Mpopi uli pakhomo. Chipatala n'choyenda wapansi. Mukachira, ntchito yomanga siisowa m'tauni. Ndipo taganizirani za mtsikanayu. Aphunzitsi ake ndikakumana nawo pamsewu amandiimitsa. Amati, 'Mwana uja munamutaya kuti? M'kalasi monse masamu ankawatha ndi iyeyo.' Ine ndimasowa choyankha. Mutu wabwino ngati umenewu uziwolera m'matope? Kuuma mutu kuli ndi malire ake, alamu. Mwayesa, tonse taona, palibe adzakusekeni. Tsopano zakwana."

Mawu okhudza sukuluwo anamulasa Kapitawo. Mabuku ake anali m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi la bambo ake, ndipo tsiku lililonse akaweruka kumatope ankawatulutsa.

Onse anadikira a Mmisiri. Kale akanadzuka ndi mkokomo. Lero sanatembenuke n'komwe.

"Ndamva, alamu," anatero ndi mawu otsika. "Pakirani."

"Nanga njerwa?" anafunsa Kapitawo.

"Iwe, pano tikulankhula akuluakulu," anatero amalume.

"Ndamva, amalume. Koma mvula ikazipeza zosawotcha, zisungunuka zonse."

"Zisungunuke. Njerwa ndi dothi. Zinachokera pansi, zibwerera pansi. Kamange mbale."

Kapitawo anayang'ana bambo ake. Iwo anatseka maso.

3. Mbiri ya agogo

Kuseri kwa chisakasa, Kapitawo ndi azakhali ankakulunga mbale m'nsalu zakutha n'kumaziika m'dengu. Mtsikanayo ankamanga mfundo mwamphamvu moti mbale zinkalira.

"Uswa mbale za amayi ako," anatero azakhali. "Ndipo nkhope imeneyo ichotse. Ndikuidziwa bwino. Ndi nkhope ya agogo ako aamuna, amene iwe sunawaone. Khala pansi ndikuuze, mwina mtima ungatsike."

Kapitawo anakhala pa chitsa.

"Agogo ako anali wocheka matabwa. Ankagwira ntchito kukampani ina yodula mitengo, ndipo tinkakhala m'nyumba ya kampaniyo. Tsiku lina anabwera kunyumba n'kunena kuti atopa kugona pansi pa denga la mwini. Anatitenga, ine, bambo ako ndi agogo ako aakazi, n'kupita nafe kuseri kwa mapiri, kumene kunalibe ngakhale tambala wolira. Ndikukumbuka minga. Ndikukumbuka ndikulira kufuna anzanga osewera nawo. Iwo analambula tchire ndi manja awo awiri. Anabzala mitengo ya zipatso m'mizere. Anamanga makoma amiyala mpaka kufika pa mawindo. Anthu ankawatcha amisala, iwo n'kumangoimba mluzu.

"Kenako agogo ako aakazi anadwala. Malungo aakulu, mpaka kubwebweta. Abale anabwera ndi ngolo. Anati, 'Tiyeni kaye, akachira mubwerera.' Tinakwera. Dzinja litatha, agogo ako aamuna anabwerera kuja okha kukaona. Anapeza makoma awo ali ndi denga la munthu wina, ana a munthuyo akusewera pakhomo. Anadandaula kwa akuluakulu, koma anauzidwa kuti malo anawapeza opanda munthu. Lero kumeneko kuli msika, kuli sukulu, mabasi amaima. Ndipo malowo amatchedwa dzina la munthu uja."

Azakhali anapukuta mbale ina imene inali youma kale.

"Agogo ako aamunawo anabwerera kukampani. Anacheka matabwa mpaka msana unapindika. Atalephera kukoka sowo, akampani anatitulutsa m'nyumba yawo ija katundu ali pamutu. Anamwalira m'kachipinda ka munthu wachifundo, kuseri kwa sitolo. Mluzu uja sindinaumvenso. Tsono mvetsa, mwana wa mchimwene wanga. Mtima wofuna kukayamba pomwe palibe munthu ndi matenda a banja lathu. Unawadya agogo ako. Wawathyola mwendo bambo ako. Ine ndinauthawa, n'chifukwa chake ndili ndi makina anga osokera ndi khomo lokhoma. Iwe ndiwe mtsikana, uli ndi mutu, dziko lonse lili patsogolo pako. Usalole tchire likudye nawenso."

Kapitawo anaika mbale ina m'dengu.

"Azakhali, makoma aja analimba?"

"Alipobe mpaka lero. Ndinawaona ndili m'basi."

"Ndiye agogo chinawadya n'chiyani? Kupita kutchire, kapena kubwerako?"

Azakhali anamuloza ndi mbale. "Usandikole ndi mawu, iwe. Kubwerako kunapulumutsa agogo ako aakazi. Popanda ngolo ija, bwenzi titawaika kuseri kwa mapiri komweko."

"Zimenezo ndamva. Odwala anayenera kupita. Koma wina akanatsala."

"Wina wake ndani? Ine ndinali kamwana. Bambo ako anali akuyamwa chala."

"Ine chala ndinasiya kalekale," anatero Kapitawo.

Ananyamula dengu lija, n'kukalisiya pafupi ndi lole. Pobwerera sanadzere kwa azakhali. Analowa m'chisakasa, natenga machesi pa thabwa loikapo mchere, n'kutuluka.

4. Makomo anayi

Uvuni unali chapatali pang'ono, kumunsi kwa chitsime. Unali wautali kuposa chisakasa chawo. M'makomo onse anayi bambo ake anali atayalamo kale udzu wouma ndi tinkhuni ting'onoting'ono asanavulale.

Kapitawo ankadziwa chinthu chimodzi chimene mwana aliyense wa mmisiri amachidziwa. Uvuni ukayaka, susiyidwa. Umafuna munthu woudyetsa nkhuni usana ndi usiku mpaka njerwa zipse. Ukausiya panjira, njerwa zimatuluka zosapsa, zongofumbutuka m'manja.

Anagwada pa khomo loyamba. Mtengo woyamba wa machesi unathyoka. Wachiwiri unayaka. Udzu unathetheka, moto n'kuthamangira m'kati. Anapita pa khomo lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Kenako anayamba kukankhiramo zikuni.

Amalume anali pamwamba pa lole, akumanga matiresi ndi chingwe. Mzime anali kutsogolo, akuliza hutala. Utsi utakwera pamwamba pa mitengo, chingwe chinawapulumuka amalume m'manja.

"Iwe! Iwe mwana iwe!"

Anatsika mofulumira kuposa mmene mimba yawo inkalolera. Anatola ndowa pachitsime n'kuthamanga nayo, madzi akuwakhavukira m'nsapato. Mayi ndi azakhali ankabwera pambuyo.

Kapitawo anaima pakati pa amalume ndi uvuni, atagwira mtengo wokankhira nkhuni chopingasa.

"Choka apo!"

"Sindichoka, amalume."

"Ndati choka!"

"Ngati n'kumenya, ndimenyeni ine. Koma madziwo musathire. Njerwa zotentha zikamva madzi zing'aluka."

Amalume anaika ndowa pansi. Ankapuma ngati lole yawo.

"Ukudziwa chimene wachita? Moto uwu sugona. Dzuwa likalowa, udzakhala pano wekha, udzudzu ukukudya, afisi akulira kuseri kwa mitengo iyo. Mawa manja ako adzakhala matuza okhaokha. Mkuja maso adzatupa ndi utsi, tulo tidzakugwetsa, ndipo ukhoza kugwera m'khomo momwemo. Amuna akuluakulu amachita kusinthana pa ntchito imeneyi, ndiye iwe ndiwe ndani? Ndakhala pa chiwongolero zaka zambiri, ndaona ana ouma mitu ambiri. Onse amayamba ndi 'sindichoka'. Amatha ndi 'ndikanadziwa'. Ine ndine amalume ako. Sindikufunira zoipa. Taya mtengowo, kakwere lole."

"Ndikudziwa kuti simundifunira zoipa," anatero Kapitawo. "Atengeni bambo, ali ndi mwendo wofunika chipatala. Mutengeni Mzime. Koma njerwa izi ndinazinyamula ndi mutu wanga uno, imodziimodzi. Amayi anaponda dothi mpaka mapazi kung'ambika. Bambo anamangira anthu nyumba moyo wawo wonse, iyi ndiye yoyamba yawoyawo. Ine sindikagona kuseri kwa galaja n'kumamva kuti kuno kwalowa wina. Lole sindikwera."

"Achemwali, mukumumva mwana wanu?" amalume anatembenukira mayi.

Mayi anaima pambali pa azakhali. Ankayang'ana utsi.

5. Mawu ochokera m'chisakasa

"Wayatsa ndani?"

Onse anatembenuka. A Mmisiri anali pakhomo la chisakasa. Anali atadzikhwekhwereza ndi zigongono kuchokera pabedi, mwendo wa pulasitala ukukokeka pambuyo. Fungo la utsi linali litawapeza.

"Ndine, bambo," Kapitawo anakuwa.

A Mmisiri anayang'ana uvuni kwa nthawi. Aliyense ankayembekeza mawu a mkwiyo. Mkwiyowo unabweradi, koma wosiyana ndi umene ankauyembekeza.

"Khomo lachiwirilo wachulutsa moto! Chotsamo chikuni icho! Ukufuna njerwa ziphulike? Tsiku loyamba moto umakhala waung'ono, njerwa zitulutse kaye thukuta. Ndinakuphunzitsa chiyani ine?"

Kapitawo anathamanga n'kusolola chikuni chija.

"Mphepo ikuchokera uku! Tchinga khomo lakumapetolo ndi lata! Osati limenelo, linalo! Ha, mwana uyu andiphera njerwa. Alamu, tabwerani mundinyamule."

Nkhope ya amalume inawala. "Eya, tsopano mwalankhula. Tiyeni ku lole."

"Ku lole kukatani? Ku uvuni."

Amalume anapukusa mutu. Komabe anapita, chifukwa munthu wovulala sangasiyidwe akukwawa m'fumbi. Iwo ndi azakhali anawanyamula pa chitseko chakale n'kudzawakhazika pamthunzi, pafupi ndi mulu wa nkhuni.

A Mmisiri anayang'ana makomo onse anayi, limodzilimodzi. Kenako anaitana mwana wawo.

"Khala apa. Chimene wachitachi, wachita mwakuba. Ine ndinanena kuti pakirani, iwe n'kutenga machesi osandiuza. Amalume ako awoloka mtsinje chifukwa cha ife, iwe n'kuwaimira ndi mtengo ngati ukuthamangitsa mbuzi. Ngakhale utakhala kuti ukulondola, akulu ako suwachititsa manyazi pamaso pa anthu. Ukanabwera pabedi panga n'kundiuza kumaso kuti, 'Bambo, mwagonja msanga.' Ndikanakwiya, koma ndikanamva. Pepesa."

Kapitawo anaika mtengo pansi n'kupita kwa amalume.

"Pepani amalume chifukwa chokuimirani ndi mtengo. Pepani bambo chifukwa chosakuuzani." Kenako anadzutsa mutu. "Koma za motowu sindipepesa."

Azakhali anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka. Sizinadziwike ngati ankaseka kapena ankalira.

"Za motowo sindinakuuze kuti upepese," anatero a Mmisiri. "Ndinagona pabedi paja mtima utafa. Ndinkaona bambo anga ndikatseka maso. Ndinkati basi, ndi mmene banja lathu limathera. Fungo ili ndi limene landidzutsa. Koma tamvera mbali inayi. Amalume ako anena zoona pa nkhani ya sukulu. Sindinabwere kuno kuti mwana wanga asanduke chikombole. Dzinja lino wataya, ndipo ndiwe wasankha. Koma mtsinje ukangophwa, denga likhale lakwera kapena lisanakwere, ubwerera m'kalasi. Ukadzachita makani, ndidzakuthamangitsa ndekha ndi mwendo umodzi womwewu. Tamvana?"

"Tamvana, bambo."

"Alamu, mwapenga nonse," anatero amalume. "Bambo wopenga, mwana wopenga. Chabwino, khalani ndi moto wanuwo. Achemwali, tiyeni. Inu nokha ndiye mwatsala ndi nzeru pakhomo pano."

Mayi anatembenuka n'kuyamba kuyenda kulowera ku lole. Kapitawo anawayang'ana. Anawaona akuponda tayala, nakwera pamwamba. Anawaona akuwerama pa katundu.

Kenako mtolo wa zofunda unagwa pansi, fumbi kuti kobo! Panatsatira matiresi. Panatsatira mpando.

"Achimwene," mayi anaitana ali pamwamba pomwepo, "dzalandireni dengu ili, muli mbale. Ine kuseri kwa chigayo ndinakhalako. Kuseri kwa galaja ndiye ayi. Ndikufuna ndikhaleko kumaso kwa nyumba nanenso ndisanafe."

6. Lole ibwerera

Anagwirizana kuti Mzime yekha apite ndi amalume, akayambe sukulu ndi kukhala pafupi ndi chipatala nyengo ya udzudzu. Mwanayo analira, nakakamira chitenje cha mayi ake. Anatonthola atalonjezedwa kuti aziliza hutala pa mphambano iliyonse.

Kapitawo anamunyamula n'kumukweza yekha.

"Ukakhoze masamu," anamuuza. "Ndikadzabwera ndidzakufunsa."

"Iwe si aphunzitsi," anatero Mzime akufwenthera.

"Ndine kapitawo. N'zoposa."

Amalume anatsegulira azakhali chitseko. "Kwerani, mayi. Tiwoloke kusanade."

Azakhali anaika phazi limodzi pa chopondera. Anaima choncho, akuyang'ana kumunsi kumene mchimwene wawo ankaloza makomo a uvuni ndi kamtengo, akukalipa ngati kale. Kenako anabweza phazi lija, navula nsapato zawo zam'tauni n'kuzigwira m'manja.

"Makomo anayi, anthu a miyendo awiri okha," anatero. "Agona nthawi yanji? Mukawauze oyandikana nane andisungire makina. Madiresi a eni ake adikire."

"Nanunso?" amalume anagwira mutu. "Si inu munandilimbikitsa kuti tibwere?"

"Ndine. Ndipo mawu anga sindinabweze, tchire ndimadana nalo. Koma ulendo uja ndinakwera ngolo chifukwa ndinali mwana. Lero ndakula."

Amalume anatseka chitseko chija. Anakwera pamwamba, namasula lona, n'kuponya pansi. Anatsitsanso thumba la ufa limene anagulira kwawo, chigubu cha parafini, ndi tochi yawo ya m'lole.

"Mvula ikayamba, mufunditse pamwamba pa nkhuni," anatero osayang'ana munthu. "Musaganize kuti ndavomereza. Sindinavomereze. Ndipo iwe Kapitawo, ukawotcha lona wangayo, udzandiona."

"Zikomo, amalume."

"Usandithokoze. Kankha lole."

Pakuti lole ija sinkalira popanda kukankhidwa. Mayi, azakhali ndi Kapitawo anaika mapewa kumbuyo, nakankha mpaka inatsokomola, n'kuwalavulira utsi kumaso. Hutala inamveka ikulira mpaka kumtsinje. Kenako kunati zii.

Ntchito inayamba pomwepo. A Mmisiri anagawa makomo: awiri a Kapitawo, limodzi la mayi, limodzi la azakhali. Azakhali anapsa chala pa chikuni choyamba, natukwana tchire lonse ndi mitengo yake yomwe. Dzuwa lisanapendeke, m'manja mwa Kapitawo munali mutatuluka kale matuza awiri, monga ananenera amalume. Anawamanga ndi kansalu osauza munthu. Pamwamba pa uvuni pankatuluka utsi woyera, wonyowa, ndipo bambo ake anati umenewo ndiye wabwino.

Utsiwo unakwera mowongoka, pamwamba pa mitengo yonse, woti munthu akhoza kuuona ali kutali kwambiri.

Chakumadzulo, Kapitawo akukoka chikuni pamulu, anamva kulira kwa mabelu a ng'ombe. Anaima. Ng'ombe iwo analibe. Ndipo kulirako sikunkachokera kumsewu. Kunkachokera mbali ya kuphiri, kumene kunalibe njira, kumene bambo ake ankati ngakhale alenje safikako.

Udzu unagawikana. Munatuluka ng'ombe zonenepa, zanyanga zazitali. Pambuyo pake panali amuna awiri onyamula nkhwangwa pamapewa, ndipo pakati pawo panali mayi wamtali wa imvi, ndodo ili m'manja. Sanaodire. Anayenda molunjika mpaka pa uvuni, nayang'ana chitsime, chisakasa, ndi zitsa za mitengo yonse imene a Mmisiri anagwetsa.

Kapitawo anasiya chikuni n'kukaima kutsogolo kwa bambo ake.

"Takulandirani, mayi," anatero.

Mayi uja anayandikira zitsa zija. Anagogoda chitsa chimodzi ndi ndodo yake.

"Mtengo uwu unali wa mthunzi wa ng'ombe zanga," anatero pang'onopang'ono. "Utsi wanu tauona tili kuphiri. Tsono ndiuzeni, inu alendo. Ndani anakuuzani kuti kuno kulibe anthu?"